Kusosa M'kalasi: Zimene Mlimi Angachite pa Chipinda cha Giredi 5 Mpaka 7

Mu Januwale 2022 boma la Zambia linachotsa malipiro m'masukulu ake onse, kuyambira makalasi a ana aang'ono mpaka Giredi 12. Maphunziro a pulayimale anali aulere kale kuchokera mu 2002, m'nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, koma tindalama tina timene masukulu ankapempha tinkabwezabe ana ambiri kunyumba. Zonsezi zitachotsedwa, ana amene anali atasiya sukulu anabwerera, ndipo m'chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula tinailira ndipo yagwa; matope ake ndiwo makalasi odzaza, madesiki osakwanira, ndi mphunzitsi mmodzi woyang'anizana ndi nkhope zochuluka zedi.

Ena angadabwe kupeza nkhani ya sukulu m'kalata ya alimi. Tailemba pakuti ambiri a inu amene munaphunzira pano ndinu makolo, ena muli m'makomiti a makolo ndi aphunzitsi m'midzi ya kwa Mfumu Zingalume ndi madera ena a boma la Chadiza, ndipo inu amene mukuphunzira tsopano mudzabwerera kwanu mukudziwa kugwira chingwe, sowo ndi nyundo. Munda sitiuyamba tsiku lobzala. Timasosa, timayeza mizere, timakumba maenje mvula isanagwe. Chipinda chophunziriramo nachonso chimafuna kukonzedwa ana asanalowemo, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imeneyi siifuna satifiketi ya uphunzitsi. Ifuna manja ozolowera kuyeza, kukhoma ndi kubzala.

Chifukwa chake tasankha makalasi amenewa

Ana amene ali mu Giredi 5, 6 ndi 7 lero anayamba sukulu motsata ndondomeko ya maphunziro ya 2013. Mwa ndondomeko imeneyo, mwana wa kuno kum'mawa amaphunzira m'Chinyanja kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo akalowa Giredi 5 maphunziro onse, kupatula la Chinyanja lenilenilo, amatembenukira ku Chingerezi. Mwana amene chaka chatha ankayankha mafunso mosavuta amapezeka akuyang'ana bolodi lodzaza mawu amene kwawo sawamva. Akhoza kuwakopera m'kope mwake mwaukhondo osadziwa chimene akunena. Kutsogolo kwake kuli mayeso a Giredi 7 a Examinations Council of Zambia, amene sayembekezera munthu.

Pa msinkhu womwewu mudzi umayamba kumuitana mwana. Mnyamata wa zaka 11 kapena 12 amatha kukhala tsiku lonse kubusa, ndipo tonse tikudziwa mabanja amene amapereka mwana kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo kuti adzalandire ng'ombe imodzi. Mtsikana akatha msinkhu, ena amayamba kumuwerengera ukwati. Malamulo alipo ndithu. Kuchokera mu 1997 mtsikana amene watenga pathupi ali ndi ufulu wobwerera kusukulu akabereka, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ngwosavomerezeka, ngakhale utakhala wa mwambo. Koma mwana amene amakhala pansi kumbuyo kwa kalasi, osaona bolodi, osamva mphunzitsi, savuta kumukopa kuti asiye, lamulo lilipo lomwelo.

Ndondomeko yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, ikufupikitsa pulayimale kukhala zaka zisanu ndi chimodzi. Manambala a pachitseko adzasintha, koma zosowa za mwana wa msinkhu uwu zidzakhala zomwezo.

Kuwala, kutentha ndi phokoso

Choyamba kuchita n'chosavuta. Pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, lowani m'kalasi m'mawa, mukhale pa desiki lakumbuyo kwenikweni ndi kuyesa kuwerenga zolembedwa pabolodi. Bwerezaninso masana. Zimene maso anu alephera kuona, mwana nayenso sakuziona.

Makalasi ambiri ndi amdima chifukwa makoma anada ndi fumbi la zaka zambiri, kapena mazenera osweka anatsekedwa ndi njerwa ndi makatoni. Khoma lopakidwa laimu limabweza kuwala m'chipinda monse. Apa alimi tisamale. Laimu amene timathira m'munda pochepetsa asidi m'nthaka ndi mwala wopera chabe, ndipo akauma pakhoma amayoyoka ngati ufa. Wopaka ndi laimu wa omanga nyumba, wogulidwa ku sitolo ya zipangizo zomangira. Amasungunulidwa m'madzi mpaka atakhala ngati mkaka, ena amathiramo kamchere kuti agwire, ndipo amapakidwa mopyapyala kawiri kapena katatu. Amaotcha maso ndi khungu, kotero si ntchito yopatsa ana.

Denga la malata lili ndi mavuto awiri. Mu Okutobala limasandutsa kalasi uvuni, ana n'kumaodzera dzuwa lisanafike pamutu. Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamagunda malata, mawu a mphunzitsi safika ngakhale pa mzere wachitatu. Siling'i ya mphasa za bango kapena nsungwi zong'amba, yomangiriridwa pansi pa malata ndi kusiya mpata pakati, imachepetsa zonse ziwiri, ngakhale imafuna kuiyang'ana kawirikawiri kuopa mileme, makoswe ndi chiswe. Kunja, mitengo ya mthunzi monga mango ibzalidwe chakumadzulo, kumene dzuwa lamasana limawomba, koma italikirane ndi khoma mamita asanu kapena kuposa kuti mizu isang'ambe maziko.

Ngati mudzi wanu ukuumba njerwa za makalasi atsopano, lankhulani maziko asanakumbidwe. Nyumbayo italike kuchoka kum'mawa kunka kumadzulo, kuti makoma aatali okhala ndi mazenera ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera, dzuwa lam'mawa ndi lamadzulo lizigunda makoma aafupi opanda mazenera. Umu ndi mmene timaimikira khola la nkhuku, ndipo chifukwa chake n'chimodzimodzi.

Bolodi ndi madesiki

Pamene mabuku ali ochepa, bolodi ndilo buku la kalasi yonse. Likatuwa, likakumbika kapena likamanyezimira, ana amataya maphunziro tsiku ndi tsiku popanda wozindikira. Mabowo atsekedwe ndi simenti yosalala, kenaka bolodilo lipakidwe kawiri penti wake weniweni. Penti wakuda wamba, uja wa zitseko, amanyezimira ndipo choko sichigwirapo. Bolodi likhale pakhoma lopanda zenera kuti kuwala kuzibwera cham'mbali, ndipo lisatsike kwambiri, pakuti mitu ya ana akutsogolo imabisa zolembedwa m'munsi. Pakati pa bolodi ndi desiki loyamba pakhale mamita awiri kuti okhala m'mphepete asamaone zilembo mopingasa.

Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti zina mwa ndalamazo zigule madesiki, mwana asakhalenso pansi. Madesiki atsopano afika m'masukulu ambiri. Tsono desiki lili ngati ngolo: bawuti imodzi ikamasuka osamangidwa, mwezi wamawa thabwa lathyoka. Kuseri kwa masukulu ambiri kuli mulu wa mafelemu achitsulo amene akungofuna thabwa, mabawuti ochepa ndi munthu wowotcherera. Mlimi amene amakonza yekha pulawo ndi ngolo sangalephere zimenezi.

Tiyerekeze chipinda cha mamita 8 m'litali ndi 7 m'lifupi. Chili ndi masikweya mita 56, ndipo tikachotsa mamita awiri akutsogolo patsala 42. Mukakhala ana 70, aliyense ali ndi malo ongopitirira pang'ono theka la sikweya mita, kuphatikizapo desiki ndi njira zomwe. Mlimi amadziwa chimene chimachitika chimanga chikathinana. Ana sitingawapatulire ngati mbewu, koma tingatulutse m'chipinda zonse zosafunika, monga matumba a simenti, njinga ndi madesiki othyoka, ndi kuyeza mizere ndi chingwe kuti patsale njira ziwiri zoti mphunzitsi azifika kwa mwana aliyense ndi kuona m'kope mwake.

Kugawa malo okhala ndi udindo wa mphunzitsi, koma makolo amadziwa zina zimene iye sangazione msanga. Mwana amene amafinya maso poyang'ana kutali, kapena amene amatuluka mafinya m'khutu ndi kupendeketsa mutu pomvetsera, ayenera kukhala kutsogolo. Kholo limuuze mphunzitsi tsiku loyamba ndi kupita naye mwanayo kuchipatala. Wamanzere akhale kumapeto akumanzere kwa desiki kuti zigongono zisamagundane. M'makalasi awa muli ana a zaka 11 pamodzi ndi a zaka 16 amene anayamba mochedwa kapena angobwerera kumene. Akuluwo amakonda kubisala kumbuyo chifukwa cha manyazi, ndipo ndiwo amayamba kusowa. Aatali akhale m'mizere yam'mbali, osati onse kumbuyo, atsikana asaunjikidwe kungodya imodzi yakutali, ndipo mizere izisinthana sabata ndi sabata kuti pasakhale mwana wokalambira kumbuyo.

Makoma a zinenero ziwiri

Popeza vuto lalikulu la Giredi 5 ndi chinenero, khoma limodzi likhale la mawu. Chinthu chilichonse chionetsedwe ndi chithunzi, kapena chipachikidwe chenichenicho, pansi pake dzina la m'Chinyanja ndi la m'Chingerezi: muzu, tsinde, tsamba, duwa, mungu, nthunzi, mtambo, mame. Mwana wa mlimi amadziwa kale kuti ngayaye za chimanga zimagwetsa mungu pa ndevu zake. Akamva zomwezo m'Chingerezi, chachilendo ndi dzina lokha.

Mapepala aakulu ndi odula, koma makatoni a m'sitolo ndi matumba a ufa ochapidwa bwino amalembeka. Kathabwa kapena waya wokhomedwa m'litali mwa khoma, molingana ndi maso a ana, amalola kupachika ndi kuchotsa popanda kuboola pulasitala. Zopachikazo zizisintha pamodzi ndi phunziro, pakuti tchati chimene chakhala chaka chonse ana amasiya kuchiona. Pakhalenso malo a ntchito za anawo, osati za opambana okhaokha.

Mapu oyamba akhale a kwathu konkuno: sukulu, mijigo, madambo, midzi imene anawo amachokera, msewu wa ku Chadiza ndi wopitirira ku Chipata. Achiwiri aonetse chigawo chakum'mawa, maboma oyandikana nafe a Katete, Chipata ndi Vubwi, imene inali mbali ya Chadiza mpaka 2012, malire a Mozambique ndi Malawi, mtsinje wa Luangwa, ndi Mkaika kumene Achewa a maiko atatu amakakumana pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti. Mwana amene wapeza mudzi wake pa mapu sachita mantha ndi mapu a Africa.

Ngodya ya miyeso

Apa ndi pamene ife alimi tingathandize koposa. Masamu ndi sayansi za makalasi awa zadzaza ndi miyeso, maperesenti, kukula kwa malo, nthaka, mbewu ndi nyengo, zinthu zimene timazigwira tsiku lililonse. Pangodya pakhale tebulo limodzi lokhala ndi chingwe cha mamita 10 chomangidwa mfundo pa mita iliyonse, ndodo ya mita imodzi yolembedwa masentimita, mabotolo a lita imodzi ndi a theka la lita, sikelo ya ndodo ndi mbale ziwiri, ndi timabotolo ta mbewu tolembedwa mayina: chimanga, nsawa, soya, mpendadzuwa, khobwe, mapira, mawere. Mbewuzo zikhale za m'nkhokwe, osati zopaka mankhwala zija zofiira kapena zobiriwira. Chigubu chilichonse chimene munali mankhwala a thonje kapena a mbewu zina chisalowe m'kalasi, ngakhale chitatsukidwa.

Ana awerenge njere 100 za chimanga, aziyale pa saka lonyowa, alipinde ndi kumalinyowetsa tsiku ndi tsiku. Pakatha sabata awerenge zimene zamera. Zikamera 85, ndiye 85 peresenti. Phunziro limene limasautsa ana ambiri pabolodi amaligwira ndi manja, ndipo mwana akafika kunyumba angayese mbewu ya makolo ake isanabzalidwe.

Choyezera mvula ndi chitini chowongoka m'mbali, choikidwa pa chipika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse ana awiri ayeze madziwo ndi rula ndi kulemba mamilimita pa tchati. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita. Lima imodzi, mamita 50 mbali zonse, ndi masikweya mita 2,500. Motero mvula ya mamilimita 20 imathira malita 50,000 pa lima, ndiwo madiramu 250 a malita 200. Chilala cha 2023/2024, chimene Pulezidenti anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, chinatisonyeza kufunika kodziwa bwino masiku amene mvula yadula. Sukulu imene imasunga kaundula wa mvula chaka ndi chaka imathandiza mudzi wonse.

Inu amene munaphunzira ulimi wa maenje mukukumbukira miyeso ya Conservation Farming Unit: masentimita 90 pakati pa mizere, 70 pakati pa maenje. Ana a Giredi 7 afunsidwe kuti pa lima pamalowa maenje angati. Mizere ndi 55, mzere uliwonse maenje 71, onse pamodzi 3,905. Kugawa ndi kuchulukitsa kuli momwemo. Pa phunziro la nthaka, dothi la kudambo ndi la kumtunda likhutchumulidwe ndi madzi m'mabotolo awiri ndi kusiyidwa pazenera. Mchenga umakhala pansi nthawi yomweyo, dongo limatenga tsiku kapena kuposa, ndipo ana amaona okha chifukwa chake munda wina umasunga madzi pamene wina umauma msanga.

Mabuku ndi madzi

Mabuku ochepa amene alipo kawirikawiri amatsekeredwa mu ofesi kuopa kutayika, ana n'kumangowaona mwa apo ndi apo. Bokosi lachitsulo lokhala ndi loko, loikidwa pa njerwa kuopa chiswe ndi chinyezi, limalola mabuku kugona m'kalasi momwemo. Ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, azilemba m'kope amene watenga ndi amene wabweza. M'bokosimo mulowenso timapepala ta ulimi timene alangizi amagawa, manyuzipepala akale, ndi nthano zimene anawo alemba atamva kwa agogo awo. Kalata ino nayonso, mukatha kuiwerenga, ikhoza kukakhala momwemo.

Pakhomo pa kalasi pakhale chigubu chosambira m'manja chopendeketsa ndi phazi, chimene ena amachitcha mpondagiya, pamodzi ndi sopo kapena phulusa, ndipo m'kati mukhale ndowa ya madzi akumwa yokhala ndi chivundikiro. Atsikana a msinkhu uwu amajomba masiku angapo mwezi uliwonse ngati chimbudzi chawo chilibe chitseko ndi madzi. Iwo sanganene zimenezi pamsonkhano, choncho amayi a m'komiti akaone okha. Chitseko cha thabwa ndi chokowera chake ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Dimba si chilango

Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi production unit. Cholinga chinali chabwino, kuti mwana aphunzire ndi mutu ndi manja omwe. Ambiri a ife timakumbukira kuti m'malo ena khasu linasanduka chikwapu, wochedwa kapena wolongolola ndiye ankatumizidwa kukalima. Mwana wolangidwa ndi khasu amakula akudana ndi ulimi, ndipo ife alangizi timakumana naye atakula.

Dimba la kalasi likhale laling'ono, mabedi ochepa pafupi ndi madzi, bedi lililonse la gulu limodzi la ana ndi kope lake lolembamo tsiku lofesa, tsiku lomera, ndowa zothiriridwa ndi zokolola. Bedi lina likhale la manyowa, lina lopanda. Lina lophimbira, lina lapoyera, kuti ana afanizire okha. Ntchito yolemera yotipula ndi yomanga mpanda woletsa mbuzi igwiridwe ndi akuluakulu. Zokolola zilowe mumphika wa ana kapena zigule choko, ndipo ziwerengero zake zipachikidwe poyera kuti pasakhale manong'onong'o.

Poyambira pake

Teremu yoyamba imatsegulidwa mu Januwale pamene tonse tili kalikiliki ndi kupalira, ndipo Disembala ndi mwezi wobzala. Nthawi yabwino ya ntchito zimenezi ndi tchuthi cha Ogasiti, zokolola zili m'nkhokwe, bango ndi nsungwi zilipo, laimu ndi penti zikuuma msanga. Mitengo yokha ndiyo idikire mvula, koma mbande zake zifesedwe nthawi yomweyo.

Kalasi ili ndi mwini wake. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasiyo ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo muwafunse chimene chikuwasautsa koposa musanatulutse maganizo anu. Kuchoka apo nkhani ipite ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndi kwa anyakwawa amene ali ndi mphamvu yoitana anthu. Zofuna ndalama zambiri, monga madesiki atsopano, mazenera ndi malata, zilembedwe ndi kuperekedwa ku komiti ya chitukuko ya wadi, kumene mapempho a CDF amayambira. Musayambe ndi sukulu yonse. Chipinda chimodzi, cha Giredi 5, chimalizidwe bwinobwino. Makolo a makalasi ena akachiona sadzadikira kuuzidwa.

Inu amene mukumaliza maphunziro chaka chino, tikukupemphani kuti pa ndandanda ya zimene mukachite kwanu, pamodzi ndi khola ndi nkhuti ya manyowa, mulembepo tsiku lokaona kalasi ya Giredi 5 ya pasukulu yoyandikana nanu. Ndipo inu amene munachitapo kale zotere, tilembereni mmene zinayendera ndi mitengo ya zipangizo kwanuko, kuti tidzagawire anzathu m'kalata yotsatira.